Funsani Tikuyankheni: ganyu wa kumakola a mahatchi ku England ndi malipiro otsikitsitsa

Funso

Alangizi,

Ndine mayi wochokera ku Malawi ndipo ndimakhala kumpoto kwa England, komwe ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Mwana wanga wamkazi wa zaka 19 wakhala akupita kwa miyezi isanu ndi itatu kumalo ena a kunja kwa tauni, komwe anthu amasungitsako mahatchi awo n'kumalipira mwini malo mwezi ndi mwezi. Anayamba ngati wongothandiza chifukwa chokonda ziwetozi, koma tsopano amapita masiku anayi pa sabata, ndipo anauzidwa kuti azifika 7 koloko m'mawa. Amachotsa ndowe m'makola asanu ndi limodzi, kuyala udzu wogonapo, kuthira madzi, kudyetsa mahatchi ndi kuwatulutsa kubusa, kenaka n'kuweruka cha m'ma 12 koloko masana. Amamupatsa £4 pa khola lililonse, ndalama ya pamanja yopanda pepala, ndipo ntchito zinazo akuti zimalowa momwemo. Loweruka amamuphunzitsa kukwera hatchi kwaulere, pomwe ena amalipira £35. Nditafunsa, mwini malo anandiyankha kuti mwana wangayo si wantchito koma waganyu wolipidwa pa zomwe wachita, choncho lamulo la malipiro otsikitsitsa silikumukhudza. Mwanayo wandiletsa kuyankhulanso poopa kuti amuthamangitsa. Kodi mwini maloyu akunena zoona?

Mayi wodandaula, Yorkshire

Yankho

Mayi, malinga ndi momwe mwafotokozeramu, mwini malo sakunena zoona, kaya akuchita dala kaya sakulidziwa lamulo. Mwana wanu akuoneka kuti ndi woyenera malipiro otsikitsitsa, ndipo zomwe akulandira panopa sizikufika ngakhale pa theka la zomwe boma linakhazikitsa kwa munthu wa msinkhu wake.

Tiyambe ndi masamu, popeza ndi omwe amaulula nkhani yonse. Makola asanu ndi limodzi pa £4 ndi £24 pa tsiku. Kuchokera 7 koloko kufika 12 koloko ndi maola asanu, ndiye kuti ola lililonse akulandira £4.80. Kuyambira pa 1 Epulo 2025, malipiro otsikitsitsa ku Britain anali £12.21 pa ola kwa a zaka 21 kupita m'mwamba, £10.00 kwa a zaka 18 mpaka 20, ndi £7.55 kwa osafika zaka 18 komanso kwa ophunzira ntchito ovomerezeka. Mitengoyi imasintha pa 1 Epulo chaka chilichonse boma likamva malangizo a Low Pay Commission, bungwe lolangiza boma pa malipirowa, choncho muziona mtengo wa chaka chomwe mukuwerengera. Tikatengera £10.00, mwana wanu akupereweredwa £5.20 pa ola, £26 pa tsiku, £104 pa sabata. Mukachulukitsa ndi masabata a miyezi isanu ndi itatu, ndalamayo ikupitirira £3,000, ndipo imeneyi ndi ngongole yomwe lamulo limalola kuilondola.

Lamulo lake ndi National Minimum Wage Act la 1998, lomwe linayamba kugwira ntchito mu Epulo 1999 pa mtengo wa £3.60 pa ola. Silifuna kuti munthu akhale ndi kontirakiti yolembedwa, ndiponso silisiyanitsa wolandira kubanki ndi wolandira pamanja. Limateteza aliyense amene limamutcha worker, ndiye kuti munthu amene anagwirizana ndi wina, kaya pa pepala, kaya pakamwa, kaya mwa zochitika zokha, kuti iye mwini azigwira ntchito n'kumalandirapo kanthu, bola wom'patsa ntchitoyo asakhale kasitomala wa bizinesi yake. Mwana wanu amauzidwa nthawi yofikira, amapatsidwa makola oti agwire, amagwiritsa ntchito wilibala ndi foloko za pamalopo, sangatumize mnzake m'malo mwake popanda kupempha, ndipo mtengo wa £4 sanauike ndi iye. Zonsezi ndi zizindikiro za wantchito. Munthu wodzigwirira ntchito yake m'makola a mahatchi alipo ndithu ku England, koma ameneyo amakhala ndi makasitomala angapo, amatchula yekha mtengo, amalemba yekha zikalata zolipiritsa, ndipo akatanganidwa amatha kukana kapena kutumiza wina.

Makhoti a ku Britain anaiweruza kale nkhani ya maina operekedwa pofuna kuzemba lamulo. Mu 2011, pa mlandu wa Autoclenz ndi Belcher, khoti lalikulu kwambiri la dzikolo linagamula kuti anthu otsuka magalimoto, omwe mapepala awo ankanena kuti ndi odzilemba okha ntchito, anali antchito enieni, chifukwa chofunika ndi zomwe zimachitika tsiku ndi tsiku osati zomwe bwana walemba. Mu Febuluwale 2021, khoti lomwelo linagamula kuti madalaivala a Uber, kampani ya matakisi oitanidwa pa foni, omwe anakasuma anali oyenera malipiro otsikitsitsa ndi tchuthi cholipidwa. Ngati pepala losainidwa linalephera kuteteza makampani amenewa, mawu a pakamwa akuti "uyu ndi waganyu" sangamuteteze mwini khola. Komanso lamuloli limanena kuti mgwirizano uliwonse woti munthu alandire zochepera ndi wopanda mphamvu, kotero kuvomera kwa mwana wanu pachiyambi sikunachotse ufulu wake.

Pamene ambiri a ife timasokonezeka ndi pa kulipira kwa ntchito yoyezedwa. Kwathu, waganyu akagwirizana ndi mwini munda kuti apalira ndime yakutiyakuti pa mtengo wakutiwakuti, nkhani imathera pomwepo. Kaya amaliza dzuwa lisanatenthe, kaya afika nayo madzulo, ndi zake. Ku Britain kulipira pa ntchito yomwe yachitika n'kololedwa, koma ndalamayo imayenera kugawidwabe ndi maola kuti ioneke ngati yafika pa mlingo wa boma. Malamulo a 2015 ofotokoza kawerengedwe kake amatchula mitundu inayi ya ntchito: ya malipiro a pachaka, ya pa ola, ya pa zomwe munthu wachita, ndi yosayezedwa. Njira yolipira pa zomwe munthu wachita inakonzedwera makamaka anthu onga ogwirira ntchito kunyumba, amene bwana sangadziwe kuti agwira maola angati. Bwana akangoika nthawi yofikira ndi yowerukira, ntchitoyo imawerengedwa ngati ya pa ola ngakhale iye aziitcha dzina lina, ndipo ola lililonse liyenera kulipidwa mokwanira.

Tiyerekeze kuti mwini malo walimbikira ndithu kuti iyi ndi ntchito ya pa khola. Pamenepo lamulo limamulamula kuti ayese kaye mwachilungamo kuti antchito ake amamaliza makola angati pa ola, nambalayo aigawe ndi 1.2 pofuna kuteteza wantchito wochedwerapo, kenaka apeze mtengo wa khola limodzi, ndipo apereke chidziwitso cholembedwa kwa wantchitoyo nthawi ya malipiro isanayambe. Ngati anthu amamaliza makola awiri pa ola, mtengo woyenera kwa munthu wa zaka 19, tikatengera £10.00 ija, ungakhale £6 pa khola, osati £4. Akapanda kuchita kuyesaku ndi kupereka chidziwitsocho, ayenera kulipira maola onse omwe munthu wagwira. Ndiponso kudyetsa, kuthira madzi, kusesa pabwalo ndi kutulutsa mahatchi si mphatso yoperekedwa pamwamba pa makola: ndi ntchito, ndipo nthawi yake imawerengedwa. Chimodzimodzi nthawi yomwe wauzidwa kuti adikire dokotala wa ziweto kapena wokhoma nsapato za mahatchi, atagwira chingwe pakhomo la khola. Yosawerengedwa ndi nthawi ya ulendo wochokera kunyumba ndi nthawi yopuma yeniyeni, imene munthu amasiyiratu ntchito.

Phunziro la Loweruka lija ndilo mwini malo akuliona ngati chishango chake, koma pa lamulo likumutsutsa kawiri. Poyamba, zinthu zoperekedwa m'malo mwa ndalama siziwerengedwa pa malipiro otsikitsitsa. Chakudya, maphunziro okwera hatchi, kusungiridwa hatchi yako kwaulere, kutengedwa pa galimoto kupita ku mipikisano, zonsezi mtengo wake ndi ziro powerengera, kupatula malo ogona okha, amene ali ndi malire ake. Choncho £35 ija singaphatikizidwe pa £96 ya pa sabata. Kachiwiri, phunzirolo ndi umboni wakuti pali mgwirizano wa "ndigwirire ichi, ndikupatsa icho", ndipo mgwirizano wotere ndi womwe umasandutsa wothandiza kukhala wantchito. N'chifukwa chake ngakhale mtsikana amene salandira ndalama konse, koma amagwira maola oikika posinthana ndi maphunziro kapena malo a hatchi yake, angathe kupezeka kuti ndi woyenera malipiro.

Izi sizikutanthauza kuti aliyense wogwira tsache pakhola ayenera kulipidwa. Munthu wongodzipereka, amene amabwera akafuna, amachoka akafuna, sadzudzulidwa akajomba ndipo salonjezedwa kanthu, alibe mgwirizano, choncho lamuloli silimukhudza. Lamulo limapatulanso odzipereka m'mabungwe achifundo, monga Riding for the Disabled Association, lomwe limathandiza anthu olumala kukwera mahatchi, bola azingobwezeredwa ndalama zomwe agwiritsa ntchito. Koma khola lomwe limalipiritsa eni mahatchi mwezi ndi mwezi ndi bizinesi, si bungwe lachifundo. Ana amene sanafike msinkhu wosiya sukulu nawonso sali pansi pa lamulo la malipiro otsikitsitsa. Ku England msinkhuwo umakwana Lachisanu lomaliza la Juni m'chaka cha sukulu chomwe mwana akukwanitsa zaka 16. Ana oterowo ali ndi malamulo awoawo: sagwira ntchito isanakwane 7 koloko m'mawa kapena itadutsa 7 koloko madzulo, sapitirira maola 12 pa sabata sukulu ili mkati, ndipo m'madera ambiri pamafunika chilolezo cha khonsolo. N'kutheka kuti mwini malo anazolowera atsikana a zaka 14 othandiza Loweruka, ndipo sanazindikire kuti wa zaka 19 wobwera masiku anayi pa sabata ndi nkhani ina.

Mufufuzenso za zovala. Ngati mwana wanu anauzidwa kuti agule yekha jombo, chipewa chotetezera mutu kapena jekete la chizindikiro cha pamalopo kuti agwirire ntchitoyi, ndalama imeneyo imachotsedwa pa malipiro ake powerengera, ndipo kuperewera kuja kumakula.

Chimene chikundidetsa nkhawa kuposa ndalama ndi ngozi. Hatchi yaikulu imalemera pafupifupi theka la tani, ndipo kumenyedwa chidendene, kupondedwa phazi kapena kupanikizidwa kukhoma ndi zinthu zodziwika kwa aliyense wogwira ntchito m'makola. Lamulo la 1969 limakakamiza olemba anthu ntchito kukhala ndi inshuwalansi ya antchito ovulala, ndipo masiku ano iyenera kukhala yosachepera £5 miliyoni. Mwini malo amene amakana kuti ali ndi wantchito angathe kukhalanso kuti sanadule inshuwalansi imeneyi, ndipo tsiku lomwe mwana wanu angathyoke mwendo ndi pomwe zidzadziwike. Kukana komweku kukumumananso tchuthi cholipidwa cha masabata 5.6 pa chaka, pepala la malipiro lomwe kuyambira mu Epulo 2019 aliyense wogwira ntchito ayenera kulandira, ndi chikalata chofotokoza mfundo za ntchito chomwe kuyambira mu Epulo 2020 chimayenera kuperekedwa pofika tsiku loyamba.

Tsono achite chiyani? Choyamba, ayambe lero kulemba m'kope tsiku, nthawi yofikira, nthawi yowerukira, ntchito zomwe wagwira ndi ndalama yomwe walandira. Asafufute mauthenga a pa WhatsApp omuuza kuti abwere msanga kapena agwire khola la wina amene wadwala, ndipo ngati pakhoma pali bolodi lolembedwa maina ndi ntchito za tsikulo, alijambule. Lamulo lili kumbali yake pa nkhani ya umboni: mlandu ukafika kukhoti, amaganiziridwa kuti ndi woyenera malipirowa ndiponso kuti sanalipidwe mokwanira, mpaka bwana ataonetsa umboni wotsutsa. Bwana ndiye ayenera kusunga zolembedwa za malipiro kwa zaka zisanu ndi chimodzi. Wantchito akapempha molemba kuti azione, ziyenera kuperekedwa pasanathe masiku 14, ndipo bwana akalephera, khoti la za ntchito lingamulamule kulipira ndalama yofanana ndi maola 80 a malipiro otsikitsitsa. Wolipira pamanja wopanda kope amadzipweteka yekha.

Ndikadakhala ine, ndikanayamba ndi kukambirana mwaulemu, mwana wanu atanyamula masamu aja pa pepala limodzi. Makola ang'onoang'ono ambiri amayenda movutikira chifukwa cha mtengo wa udzu, chakudya, lendi ndi inshuwalansi, ndipo mwambo wogwiritsa ntchito achinyamata okonda mahatchi ndi wakale kwambiri moti eni ena saona cholakwika. Kuvutika kwa bizinesi si chifukwa chovomerezeka pa lamulo, koma kumathandiza kudziwa kuti mukuyankhula ndi munthu wotani. Angagwirizane kuti alembedwe moyenera pa maola ocheperapo, n'kumalipira yekha phunziro la Loweruka akalifuna. Angapemphenso kuti alembetsedwe ngati wophunzira ntchito wovomerezeka ndi koleji, zomwe zimabweretsa satifiketi. Koma adziwe kuti kwa munthu wa zaka 19 kupita m'mwamba, mtengo wotsika wa ophunzira ntchito umagwira chaka choyamba chokha, ndipo dzina lakuti working pupil, kutanthauza wogwira ntchito posinthana ndi maphunziro, lomwe limamveka kwambiri m'makola, silipatsa bwana chilolezo cholipira zochepa. Bungwe la British Grooms Association, loimira osamalira mahatchi, limalangiza mamembala ake pa nkhani ngati zimenezi, ndipo eni makola ali ndi lawo la Equestrian Employers Association.

Kukambirana kukakanika, aimbire ACAS, bungwe lopereka malangizo aulere pa nkhani za ntchito, lomwenso munthu amayenera kudzerako asanakasume kukhoti la za ntchito. Asazengereze, chifukwa kwa zaka zambiri malire okasumira kukhotili akhala miyezi itatu yokha kupatula tsiku limodzi kuchokera pa malipiro omaliza operewera. Njira ina ndi kudandaula ku HMRC, nthambi yotolera misonkho, yomwe yakhala ikulondola olemba ntchito ophwanya lamuloli. Iyo ingabwerere m'mbuyo zaka zisanu ndi chimodzi, kuwerengera ngongoleyo pa mtengo wa panopa, ndi kulipiritsa chindapusa chofika kawiri ndalama yoperewerayo, mpaka £20,000 pa wantchito mmodzi; boma limafalitsanso maina a ophwanya lamulo. Wodandaula angapemphe kuti dzina lake lisatchulidwe, ngakhale sindikufuna kukunamizani: pakhola la antchito awiri kapena atatu, mwini malo adzangodziwa.

Mantha a mwana wanu ndi omveka. Lamulo limaletsa kuchotsa kapena kuzunza munthu chifukwa chofunsa malipiro otsikitsitsa, koma lamulo silingabweze ubale ukasokonekera, ndipo anthu a mahatchi m'dera limodzi amadziwana. Iye ndi wamkulu, ufuluwu ndi wake, ndipo dandaulo lomwe mungalipereke inu mobisa lingakudanitseni naye. Muonetseni masamuwa, mum'fotokozere za inshuwalansi, ndipo mum'limbikitse kuyamba kope lija ngakhale asanasankhe chochita, popeza ngongoleyo siitha chifukwa choti wakhala chete miyezi ingapo.

Funso

Alangizi,

Ndine mnyamata wa zaka 24 ndipo ndikuchita digiri yachiwiri pa yunivesite ina ku England pa viza ya ophunzira. Ndimagwira ntchito maola 20 pa sabata pamalo osungira mahatchi ndipo amandilipira £12.50 pa ola. Ndimagona m'kalavani (kanyumba ka matayala) ya pamalo pomwepo, yomwe amandidula £120 pa sabata, ndipo usiku ndimayendera makola ndisanagone. Abwana akuti ndikalembetse ngati wodzilemba ndekha ntchito kuti ndizilipira ndekha msonkho. Kodi pali vuto?

Wophunzira, Midlands

Yankho

Achimwene, mavuto alipo awiri, ndipo lachiwiri ndi lalikulu kuposa loyamba.

Pa pepala, £12.50 ikuoneka yopitirira £12.21, mtengo womwe unaikidwa mu Epulo 2025 kwa a msinkhu wanu, koma kalavaniyo ikusintha zinthu. Malo ogona operekedwa ndi bwana amawerengedwa pa malipiro mpaka pa malire oikika okha, omwe kuyambira mu Epulo 2025 anali £10.66 pa tsiku, kapena £74.62 pa sabata. Chilichonse chomwe bwana akudulani kupitirira pamenepa chimatengedwa ngati chachotsedwa pa malipiro anu, ndipo ndalama za magetsi, gasi kapena mipando zomwe angakulipiritseni zimalowanso m'gulu la lendi. Inu mukudulidwa £120, kupitirira malire a 2025 aja ndi £45.38. Mukaichotsa pa £250 ya maola 20, ikutsala £204.62, ndiye kuti pafupifupi £10.23 pa ola, zomwe ndi zochepera lamulo. Apa sitinawerengere kuyendera makola usiku. Mu Malichi 2021, pa mlandu wa Royal Mencap Society ndi Tomlinson-Blake, khoti lalikulu linagamula kuti wogona kuntchito salipidwa maola omwe ali m'tulo, koma nthawi yomwe wadzuka kuti agwire ntchito imalipidwa. Choncho theka la ola lomwe mumazungulira ndi tochi kuona madzi ndi zitseko ndi ntchito.

Pamenepa ndi pomwe viza yanu ikulowa m'mavuto. Wophunzira wa digiri amaloledwa maola osapitirira 20 pa sabata maphunziro ali mkati, ndipo maola a usiku aja akaphatikizidwa mukhala mwadutsa malire, kaya mwalipidwa kaya simunalipidwe. Choopsa kwambiri n'chakuti viza ya ophunzira imaletseratu kugwira ntchito ngati wodzilemba wekha. Mukakalembetsa monga akukuuzirani abwana anu, mudzakhala mwalemba ndi dzanja lanu umboni wakuti mwaphwanya mfundo za viza, pomwe iwo apulumuka msonkho ndi tchuthi chanu. Musalembetse. Pitani sabata ino kwa alangizi a ophunzira ochokera kunja pa yunivesite yanu, omwe ndi ololedwa kulangiza pa nkhani za viza ndipo salipiritsa, mutatenga mauthenga a abwana anu ndi ndondomeko ya maola anu. Mukatero, pemphani abwanawo molemba kuti akuikeni pa ndondomeko ya malipiro yodula msonkho, achepetse lendi kufika pa malire a boma kapena akweze malipiro, ndipo kuyendera kwa usiku kulowe mkati mwa maola 20 aja.